Bambo ali pabedi ndi nthiti zothyoka, ine ndinaseka: kodi ndinalakwa?

Mayi wina watilembera pa imelo, ndipo wapempha kuti dzina lake tisalitchule. Amuna ake anachita ngozi ya pamsewu masabata atatu apitawa. Fupa la ntchafu linathyoka ndipo madokotala anaikamo chitsulo, nthiti zitatu zinathyokanso, komanso anamenyetsa mutu mpaka kukomoka kwa kanthawi. Tsopano anatulutsidwa m'chipatala, akuchirira kunyumba. Mbali ina ya kalatayo ikuti:

"Tsiku lina ndikuwathandiza ndi botolo lokodzera, linandipulumuka n'kunditayikira m'mapazi. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Mayi, zaka zonsezi ndakhala ndikukugulirani mafuta onunkhira, lero mwasankha amenewa?' Ndinaseka mpaka misozi. Nawonso anaseka, koma nthiti zinawabaya moti anabuula. Apongozi anga anali pakhomo, ndipo anandikalipira kuti ndikuseka mwana wawo ali pa ululu. Chiyambire tsikulo ndimalowa m'chipindamo nkhope ili gwa. Kodi ndinalakwa? Ndipo ngati kuseka kukuwapweteka, ndingosiyiratu?"

Mayi, pepani ndi zimene zakugwerani. Simunalakwe, ndipo umboni uli m'kalata yanu yomweyi: nthabwala ija anaiyamba ndi bambowo. Taganizani za munthu amene wagona chagada masabata atatu. Sangadzuke yekha, sangapite kuchimbudzi yekha, nthawi yosamba, yodya ndi yakumwa mankhwala amamusankhira anthu ena. Chimene chamutsalira m'manja ndi pakamwa pake. Pamene ananena za mafuta onunkhira, bambo ankakuuzani kuti mwamuna amene munakwatiwa naye uja akadalipo mkati mwa mabandejiwo, komanso ankachotsa manyazi a mkodzowo pa iwo ndi pa inu nthawi imodzi. Mukanauma nkhope, yankho limene akanamva n'lakuti, "Ayi, inu tsopano ndinu wodwala basi."

Apa ndiye pagona nkhani yonse: m'chipinda cha wodwala, mwini nthabwala ndi wodwalayo. Iye akatsegula chitseko, inu lowani. Akachitseka, musachigogode ndi mphamvu. Ndipo chilolezo cha dzulo sichigwira ntchito lero, chifukwa munthu wovulala kwambiri amasintha ngati nyengo: m'mawa akunyogodola ndodo zake zoyendera, madzulo kungozitchula misozi ili mbwee.

Kuseka ndi nthiti zothyoka

Tiyambe ndi ululuwo, poti ndi umene unaopsa apongozi anu. Munthu akamaseka, minofu ya pakati pa nthiti ndi ya pamimba imakokeka modukizadukiza, ndipo nsonga za fupa lothyokalo zimagwedezeka. Ululu wake ndi womwe uja amaumva akatsokomola kapena kuyetsemula. N'kowawa ndithu, koma kuseka wamba sikulepheretsa nthiti kulumikizana. Nthiti zimatenga masabata pafupifupi 6 kuti zigwirane, ndipo masabata awiri oyambirira ndiwo ovuta kwambiri, kotero bambo ali chapakati pa ulendo.

Choopsa chenicheni pa nthiti zothyoka ndi kuopa kupuma. Wodwala akamapuma mwapamwambamwamba pothawa ululu, mbali za m'munsi za mapapo sizifutukuka, makhololo amadikha m'menemo, ndipo chibayo chimapeza polowera. N'chifukwa chake achipatala amalangiza kupuma mozama maulendo 10 pa ola lililonse limene munthu ali maso: kukoka mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno, kuugwira masekondi atatu, kuutulutsa pakamwa, kenako kutsokomola ngati pali chotsokomola. N'chifukwa chakenso masiku ano samanganso chifuwa ndi bandeji yothina monga ankachitira kale. Wina akabwera ndi nzeru yomanga nsalu pachifuwa kuti aseke bwino, mukanireni.

Chimene chimathandiza ndi pilo. Pakhale pilo wamng'ono wolimbirako, kapena thaulo lopindidwa kanayi, pamalo amene dzanja la bambo lingafike osatembenuka. Akamva kuti phwete likubwera, amukumbatire n'kumukanikizira pa mbali yothyokayo ndi manja onse awiri, molimba koma osati mochita kubanika. Akhale chotsamira, mutu ndi chifuwa zili m'mwamba, chifukwa kuseka uli thasa chagada kumapweteka kwambiri ndiponso kumatsamwitsa malovu. Kuseka kukatha, apume mozama kawiri kapena katatu pilo akadali pomwepo. Njira yomweyi ndi imene amagwiritsa ntchito amene anasokedwa pamimba, kungoti iwo pilo amamuika pa bala.

Gwirizananinso chizindikiro choimitsira. Kukweza dzanja n'kokwanira. Akakweza, nonse mukhale chete nthawi yomweyo, ngakhale nkhani ili pokoma, ndipo amene walephera kudzigwira atuluke akamalizire panja. Vuto limene limachitika kawirikawiri n'lakuti wodwala akati "basi, basi, mukundipweteka" uku akuseka, anthu amayesa kuti ndi mbali ya nthabwala, ndiye amawonjezera moto.

Nthawi nayo isankheni. Mapiritsi opha ululu amayamba kugwira bwino pakadutsa mphindi 30 mpaka ola limodzi chimwereni. Mlendo wanthabwala uja, amene banja lililonse limakhala naye, abwere nthawi imeneyo, osati mphamvu ya mankhwala ikutha. Koma musawonjezere mlingo wa mankhwala kuti macheza akome.

Pali nthawi zitatu zimene nthabwala iyenera kudikira, ikome bwanji. Yoyamba ndi pamene m'kamwa muli chakudya, madzi kapena piritsi, chifukwa akatsamwa adzatsokomola mwamphamvu ndi nthiti zomwezo, ndipo chakudya chikalowera m'mapapo chimayambitsa chibayo. Yachiwiri ndi pamene akusamuka kuchoka pabedi kupita pampando, kapena ali chiimire pa ndodo. Kuseka kumafooketsa minofu kwa kamphindi, ndipo munthu amene mwendo umodzi sukuloledwa kunyamula thupi lonse alibe podalira pena. Dikirani akhale pansi kaye. Yachitatu ndi pamene adokotala kapena a mafizo akufotokoza zinthu, chifukwa mabanja ambiri amatuluka m'chipinda akuseka koma osakumbuka kuti anauzidwa kuponda mwendowo motani.

Ndipo ngati ataseka kapena kutsokomola wamva ululu wobaya wachilendo limodzi ndi kubanika, kapena watulutsa magazi, kapena thupi latentha ndipo makhololo asanduka achikasu kapena obiriwira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kodi kuseka kumachiritsa?

Anthu amakonda kunena kuti kuseka ndi mankhwala, ndipo mawuwa amawakokomeza. Fupa la ntchafu limafuna miyezi itatu mpaka 6, kaya munthu akuseka kaya akulira. Chimene chinapezeka n'chochepa koma chenicheni. Mu 2011 gulu lotsogozedwa ndi Robin Dunbar wa ku yunivesite ya Oxford linasonyeza kuti anthu akaseka limodzi mochokera pansi pa mimba, amatha kupirira ululu wochulukirapo kuposa asanaseke, ndipo ofufuzawo anati chifukwa chake ndi ma endorphin, timadzi topha ululu timene ubongo umatulutsa wokha. Anthu amene anayesedwawo anali abwinobwino, osati ovulala, choncho tisatengerepo zambiri. Wofufuza wina, Robert Provine, anawerengera kuti munthu amaseka kuwirikiza pafupifupi 30 akakhala ndi anzake kuposa akakhala yekha, ndiponso kuti nthawi zambiri chimene chimaseketsa anthu si nthabwala yokonzedwa koma timawu wamba ta m'macheza. Mfundo yachiwiriyi ndi imene ikukukhudzani: simukufunika kusanduka katswiri wa zisudzo. Mukufunika kungokhalapo, nkhope yanu ya masiku onse ili pamalo pake.

Zosekedwa ndi zosasekedwa

Malire osavuta kukumbukira ndi awa: sekani zimene zidzatha, musaseke zimene mwina sizidzabwerera. Botolo lokodzera lidzatha. Chovala cha kuchipatala chotseguka kumbuyo chija chinatha kale. Kudzimbidwa kumene kumabwera ndi mankhwala opha ululu monga morphine, codeine ndi tramadol kudzatha, ndipo tsiku limene m'mimba mwatseguka patapita masiku anayi, nyumba zambiri zimasangalala ngati mwana wakhoza mayeso. Amene anachitidwa opaleshoni ya m'mimba amadziwa kuti anamwino amafunsa m'mawa uliwonse, nkhope ili bwinobwino, ngati munthu waphwisa, poti chimenecho ndicho chizindikiro chakuti matumbo adzuka. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kuyamikiridwa chifukwa chophwisa, pamenepo kuseka n'kololedwa.

Koma kutsimphina, zipsera za kumaso, ntchito imene mwina sadzabwererako, ndalama zimene zapita, za m'chipinda chogona pakati pa inu awiri, ndi funso lakuti analakwa ndani pa ngoziyo, zimenezi musaziyambe inu. Akaziyamba okha, sekani pang'ono, kenako muzisiye pomwepo. Musazitole n'kukazibwereza kwa alendo. Nthabwala imene munthu wanena yekha za mwendo wake imasanduka chipongwe ikatuluka m'kamwa mwa mlamu wake.

Chida chimaseketsa bwino kuposa munthu. Mabanja ena amapatsa mayina ndodo zoyendera, chikuku, ngakhale chitsulo cha m'ntchafu. Phindu lake n'lakuti mkwiyo umapeza popita: m'malo moti "ine ndalephera kufika pakhomo," zimakhala "mkulu uyu lero wakana ntchito." Chinanso chotetezeka ndi kudziseka nokha. Inu amene munataya botolo, amene munaveka bambo malaya chakumbuyo, amene munalimbana ndi mabuleki a chikuku mphindi zisanu, ndinu nkhani yokwanira. Nkhani zakale za pabanja nazo zimagwira ntchito, makamaka kwa amene anavulala mutu, chifukwa zakale zimakumbukika mosavuta kuposa za dzulo. Ngati mukuonera zoseketsa pa foni kapena pa TV, yambani ndi mphindi 10 kapena 15. Ubongo umene unagwedezeka umatopa msanga ndi kuwala ndi phokoso, ndipo mutu ukayamba kupweteka ndiye kuti mwapyola.

Ana aang'ono musawatsekere kunja. Mwana wa zaka zisanu amatha kufunsa ngati maginito angamatirire pa mwendo wa bambo ake, funso limene akuluakulu onse akulifuna koma akuopa. Ingowauzani mbali imene sayenera kuikhudza ndi kuti pabedi sadumphirapo.

Pamene kuseka kuli chizindikiro cha matenda

Mbali iyi muiwerenge mofatsa, mayi, chifukwa mwanena kuti bambo anamenyetsa mutu mpaka kukomoka. Nthabwala ya mafuta onunkhira ija ndi nkhani yabwino: inali pa nthawi yake, inali yogwirizana ndi zimene zinachitika, ndipo inafuna kukumbukira zakale. Ubongo wosokonezeka suchita zimenezo mosavuta. Komabe pali mitundu ina ya kuseka imene iyenera kukafika kwa adokotala.

Wina amayamba kuseka kapena kulira mwadzidzidzi, popanda chifukwa kapena pa kanthu kochepa, kwa masekondi angapo kapena mphindi zingapo, osatha kudziletsa, ndipo ukamufunsa amati mumtima simunali chimwemwe kapena chisoni. Madokotala amati pseudobulbar affect. Zimachitika njira za mu ubongo zolamulira nkhope ndi mawu zikawonongeka, monga pambuyo pa kuvulala mutu kapena sitiroko. Si misala, si mwano, ndipo mankhwala ochepetsa vutoli alipo. Zikachitika musaseke nawo ndipo musamukalipire. Khalani phee, mulimbikitseni kupuma pang'onopang'ono, sinthani nkhani kapena mmene wagonera pabedi, zidzadutsa. Lembani tsiku, nthawi ndi kutalika kwake.

Wina amene anali waulemu amayamba nthabwala zolaula pamaso pa ana, pa apongozi, pa anamwino, osaona kuti anthu achita manyazi. Kawirikawiri apa ndiye kuti mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imagwira ntchito ngati mabuleki, inakhudzidwa. Alendo akamaseka, khalidwelo limakula. Njira yake ndi kunena mawu amodzi afupiafupi nthawi zonse, monga "zimenezo ayi pano," mopanda ukali, n'kupita pa nkhani ina, ndipo a m'nyumba onse azinena mofanana.

Palinso amene amasiya kumva nthabwala zokuluwika. Ukanena mawu otembenuza, monga "lero ndiye mwathamangatu" kwa munthu amene wayenda mapazi asanu, iye amawatenga momwe alili n'kukhumudwa kapena kusokonezeka. Zimaoneka kwambiri mbali ya kumanja ya ubongo ikavulala. Munthu wotere mulankhuleni molunjika. Ndipo amene akusemphanitsa mawu, kutchula supuni pofuna kunena foni, musamuseke pokhapokha iye atazindikira yekha n'kuyamba kuseka.

Chofunika changu kwambiri ndi kubalalika kwa mwadzidzidzi: munthu amene dzulo anali bwino lero akubwebweta, akuona anthu amene palibe, sakudziwa kumene ali, ndipo zikukula usiku. Zimene amanena nthawi imeneyo zimatha kukhala zoseketsa zedi, n'chifukwa chake mabanja amachedwa kuchitapo kanthu. Koma kumbuyo kwake kumakhala matenda a m'chikhodzodzo kapena a m'mapapo, bala lochita mafinya, kuchepa kwa madzi m'thupi, kuchepa kwa mpweya, kapena mankhwala opha ululu ochuluka. Kwa amene anamenyetsa mutu pali chinanso: magazi amatha kudontha pang'onopang'ono pakati pa ubongo ndi chigaza, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masabata. Chiopsezochi chimakula kwa achikulire ndi kwa amene akulandira mankhwala oletsa magazi kuundana, amene nthawi zambiri amaperekedwa fupa la ntchafu likathyoka. Mutu wopweteka mowonjezereka tsiku ndi tsiku, kusanza mobwerezabwereza, tulo tovuta kudzutsa, kufooka kwa mbali imodzi, kulankhula kokoka lilime, kapena kugwidwa ngati khunyu, zonsezi n'zothamangira kuchipatala, usiku kapena usana.

Nthabwala yobisa misozi

Mtundu wina ndi wovuta kuugwira chifukwa umabwera ndi kumwetulira. "Ine ndiye katundu wa m'nyumba muno." "Mukanangondisiya pamsewu pomwepo, bwenzi mutapuma." Aliyense amaseka mwamanyazi, nkhani n'kupita. Kamodzi si kanthu. Koma nthabwala zonse zikamaloza kumodzi, kuti iye ndi wopanda pake, musasekenso. Dikirani mukhale awiri, ndipo mufunse mosazungulira: "Mawu aja mwawanena katatu sabata ino. Kodi ndi momwe mukumvera?" Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo sakusangalala ndi chilichonse, sakudya, sakugona, akukana mafizo, auzeni achipatala, chifukwa matenda a maganizo amabwera kawirikawiri pambuyo pa ngozi yaikulu ndipo amachizika. Akanena zofuna kufa, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, sungani mankhwala onse kutali ndi bedi, musamusiye yekha, ndipo funani thandizo tsiku lomwelo. Maloto oopsa a ngoziyo ndi kunjenjemera akamva kulira kwa mabuleki, zikapitirira mwezi, nazonso n'zokanena.

Za apongozi anu

Mayi aja sanamve nthabwala. Anamva mwana wawo akubuula ndipo anaona inu mukuseka, basi. Kwa iwo, bambo a ana anuwo ndi khanda limene analisambitsa, ndipo mantha a kholo akasowa kopita amasanduka ukali pa amene ali pafupi. Musakangane nawo za amene amamukonda kwambiri, ndipo musakambirane nkhaniyi pamutu pa wodwala. Amene angaithetse ndi mwana wawo. Auzeni bambo zimene zinachitika ndi chifukwa chimene nkhope yanu yasinthira, poti n'kutheka kuti iwo akuganiza kuti mwatopa nawo kapena adokotala anakuuzani zoipa zimene mukuwabisira. Odwala amawerenga nkhope kuposa mmene timaganizira. Kenako iwo auze mayi awo ndi pakamwa pawo kuti, "Amayi, ndikaseka ndimamva kuti ndili moyo, musawaletse." Apatseninso apongoziwo ntchito: akhale osunga pilo uja, kapena owerengera kupuma maulendo 10 pa ola. Munthu amene manja ake ali ndi chochita sakhala pakhomo kuyang'ana zolakwa, ndipo sipatenga nthawi kuti nayenso ayambe kufotokoza mmene mwana wawoyo ankaopera jakisoni ali wamng'ono.

Alendo ena onse auzeni malamulo asanalowe: awiri pa nthawi imodzi, mphindi 20, osamenya wodwala paphewa poseka, osakhala pabedi mbali ya mwendo wovulala. Ndipo foni ikhale m'thumba. Kanema wa munthu akubwebweta ndi mankhwala kapena akulimbana ndi ndodo amaoneka wosalakwa lero, koma akangolowa pa WhatsApp kapena Facebook sabwereranso, ndipo munthu amene mutu wake suli bwino sangapereke chilolezo chenicheni. Ngati mukufuna kusunga zoseketsa, gulani kope. Lembani tsiku ndi zimene zinanenedwa. Ambiri amene anavulala mutu sakumbuka bwino masiku oyambirira, ndipo kopelo adzaliwerenga okha akadzafuna, n'kusankha okha tsamba loti ena amve.

Inunso, mayi, mudzakhala ndi nthabwala zanu zakuda, zimene zimabwera 3 koloko ya usiku mukusintha zofunda kachitatu. Sizitanthauza kuti mtima wanu ndi woipa. Anamwino ndi oyendetsa ambulansi ali nazo zambiri, ndipo amadziwa kuti malo ake ndi kutali ndi khutu la wodwala. Pezani munthu mmodzi, mchemwali kapena mnzanu wosunga chinsinsi, woti muzimuuza zimenezo. Mukadzaona kuti nthabwala zanu zayamba kukhala ndi minga yolasa bambowo, kapena palibenso chimene chikukuseketsani, kumeneko ndi kutopa, ndipo mankhwala ake ndi munthu wina wogona m'chipindamo usiku umodzi kapena uwiri pa sabata kuti inu mugone tulo tathunthu.

Masiku ena sipadzakhala choseketsa. Bala lidzatupa, a mafizo adzati mwendo sunafike poponda, bambo adzatembenukira kukhoma. Tsiku lotero musakokere kuseka ndi chingwe, ndipo mawu akuti "tasekaniko pang'ono" muwameze. Khalani pampando, chitani ntchito ya m'manja, pilo akhale pafupi. Mawa m'mawa polowa ndi botolo lija, mungathe kungofunsa kuti, "Bambo, lero mwandikonzera fungo lanji?" n'kuona nkhope yawo. Akamwetulira, apatseni pilo kaye. Akapanda kuyankha, tsukani botolo, muwafunse mmene agonera.